Zinyalala za kuseri kwa chitseko

Discovery Gardens, Dubai

Okondedwa asuweni a Dunstan,

Muli bwanji ku Ntcheuko? Kuno tilipo. Ine ndikungolankhula, akulemba ndi mnzanga Jessie.

Paja mabwana anga ndi Matchaina, ndipo kontilakiti imatha mwezi uno. Madamu anali atayamba kunena kuti ndakalamba, akufuna wachitsikana. Ndinati khalas, monga amanenera Aluya kuno, kwanga kwatha.

Ndiye tsiku la chaka chawo chatsopano ndinalawirira kusanache n'kusesa nyumba yonse. Osadziwa kuti tsiku limenelo iwo sasesa, akuti umataya mwayi wa chaka chonse. Mayi awo a madamu atandiona ndi tsache anagwira mutu n'kukuwa. Madamu anabwera chothamanga. "Zinyalala wataya kuti?"

Ndinawatengera kuseri kwa chitseko. Zonse zinali pomwepo, kamulu. Ndinati, "Kwathu dzuwa lisanatuluke sititaya zinyalala panja. Anandiphunzitsa amayi."

Madamu atamasulira, mayi aja anaseka mpaka misozi. Akuti kumudzi kwawonso ukasesa tsikulo umaunjika m'nyumba momwemo! Anandikoka dzanja, kundikhazika patebulo, n'kundipatsa tiyi ndi manja awiri. Ine, asuweni, patebulo! Amvekere, "Uyu sachoka, watisungira mwayi."

Ndadinda chala pa kontilakiti yatsopano, zaka zina ziwiri. Mukawauze aja ankati sindikhalitsa kuno.

Kwangotsala kukayezetsa kuchipatala kuti viza ituluke, ndipo akuti amaunika ndi m'chifuwa momwe. Kachifuwa kaja sikanasiye, koma ana musawauze. Tidzakamba ndikabwera.

Ndatha ine msuweni wanu,
Nachisale