Dzanja Langa Lamanja Silinabatizidwe

Lamulungu, 2 Juni

Ndabatizidwa. Dziwe la kuphiri, kumtunda kwa Dambe, madzi ozizira mpaka m'mafupa. Kwathu ku Chifunga anandiwaza madzi pamutu ndili khanda, koma mpingo wa Laimoni, chibwenzi changa, suwerengera zimenezo. Popanda kumizidwa, ukwati wa mu Ogasiti palibe. Ine ndi madzi sitimvana, ngakhale Lisungwi ndimawoloka nditatsinzina. Abusa atandigwetsa chagada ndinagwira chimene chinali pafupi. Tayi yawo. Ndinatuluka ndikutsokomola, iwonso akutsokomola.

Kwaya inaimba bwino.

Lachiwiri, 4 Juni

A Jailosi, mkulu wa mpingo, akuti anaona ndi maso awo: dzanja langa lamanja silinalowe m'madzi, linatsalira pa tayi. Ndiye kuti silinabatizidwe. Ndaseka mpaka kugwira nthiti. Laimoni sanaseke, akuti akulu akhala pansi.

Ndinati bwanji ndingoviika dzanjalo m'beseni, abusa n'kulipempherera? Ayi. Akuti munthu sabatizidwa zidutswazidutswa ngati nyama yogawana.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinakazinga zitumbuwa n'kutumiza kwa apongozi, amayi ake a Laimoni. Zabwerera zonse, nsalu yake yosamasula n'komwe. Akuti anafunsa: "Wakanda ndi dzanja liti?" Kodi ndikanakanda ndi chigongono?

Azimayi a kumpingo akundipatsa moni wa kumanzere. Pamsika, pamene ndimagulitsa kachewere wa azakhali, mayi wina anakana mulu umene ndinaunjika, akuti ndiunjikenso ndi dzanja linalo. Mbatata yake yomweyo! Azakhali, amene ndikukhala nawo kuno, akungoti pirira mwanawe, banja n'kupirira. Banjalo lisanayambe?

Ndalira pang'ono kuseri kwa bafa. Misozi ndapukuta ndi dzanja lachikunjalo.

Lachitatu, 12 Juni

Chigamulo chatuluka. Ndibwereze. Koma popeza maso a pamtunda amasiyana, ena akuti linalowa, ena akuti ayi, ulendo uno pakufunika umboni wa pansi pa madzi. Nzeru ya Laimoni imeneyo. Msuweni wake Fackson amagwira ntchito ku Cape Maclear, kumira ndi azungu n'kumajambula nsomba. Adzakhala pansi pa dziwe ndi kamera, kudikira ine.

Laimoni akuyenda monyadira ngati watulukira magetsi. Ndinamufunsa kuti iyeyo payekha akuganiza chiyani za dzanja langali. Anati: "Vidiyo idzatiuza."

Loweruka, 15 Juni

Fackson wafika pa njinga yamoto, botolo lachitsulo la mpweya lili kumsana. Pofika masana mudzi wonse ukuti kwa apongozi kuli wodwala wa pa oksijeni. Azimayi awiri anafika atasenza kale nkhuni za pamaliro. Apongozi anawalandira ali gwa, akusenda nyemba.

Madzulo tinakamuona akuyesa dziwe. Chovala chakuda chothina, magalasi, mapazi a bakha. Ng'ombe zimene zimamwa madzi zinathawa michira m'mwamba. Anamira, thovu lokhalokha. Watuluka mano akugundana, akuti kunyanja sikuzizira chonchi, nanga madzi a kuphiriwa anawalakwira chiyani? Akuti pansi pali matope, khasu lopanda mpini, ndi jombo imodzi. Amuna atatu ayamba kale kulimbirana khasulo.

Ine anandinong'oneza: "Alamu, mawa musatsinzine. Mukaona kanyali kofiira, ndine."

Lamulungu, 16 Juni

Abusa abwera opanda tayi. Anthu ochuluka kuposa tsiku la makuponi, ena a mipingo ina, ena akugulitsa manachesi. Manja anandipinditsa pachifuwa, azimayi n'kuwamanga ndi mpango kuti lina lisathawenso.

Pansi ndinatsegula maso. Kuli zii. Kobiriwira, kuwala kukutsika m'mizere ngati m'nyumba yoboka denga, thovu likukwera. Fackson wakhala pamatope ngati chule wamkulu, kanyali kofiira, akundikwezera chala. Kulibe a Jailosi, kulibe apongozi, kulibe wondiyang'ana dzanja. Sindinaope. Ndinalakalaka abusa atachedwako kundidzutsa.

Kenako Fackson anatulukira kumbuyo kwa kwaya. Palibe anawauza kuti m'madzimo muli munthu. Nyimbo inathera pakati, amayi a aluto tinakawapeza m'munda wa kabichi.

Lachitatu, 19 Juni

Kuonera vidiyo. M'tchalitchi, TV yobwereka kwa oonetsa mpira, jenereta ikubuula panja. Akulu pamipando kutsogolo, ine pamkeka ndi azimayi.

Poyamba nkhanu. Nkhanu yokhayokha, kwa nthawi yaitali. A Jailosi anati nkhanuyo ichotsedwe, si ya mumpingo. Fackson anati anaipeza ili pompo. Kenako miyendo ya abusa, thalauza litafufuma, mawondo akuvina ndi kuzizira. Palibe anayerekeza kuseka kupatula amayi busa.

Kenako ine. Mayo, sindimadziwa kuti ndingaoneke chonchi! Diresi yoyera ikuyandama, maso otsegula, nkhope ya munthu wopanda mlandu. Manja onse awiri m'madzi, poyera. Nthungululu. A Jailosi anati zatheka, Ogasiti ali pomwepo. Apongozi ananditembenukira n'kumwetulira, mano awo ndawaona lero koyamba.

Pamenepo wina kumbuyo anati: "Tabwezani pang'ono. Imitsani pomwepo." Anayenda mpaka kutsogolo, n'kuloza pakona pa TV. Mwendo wanga wamanzere ukuthera pa kakolo. Phazi linatsala kunja.

Anali Laimoni. Tchalitchi chonse sichinaone, a Jailosi ndi magalasi awo sanaone. Iye yekha.

Panja anandiuza mofatsa, ngati akundichitira zabwino: "Stelia, bola tikonze pano kusiyana n'kuti anthu adzatinene m'tsogolo. Mpweya m'botolo watsalamo."

Ndinamusiya ali chiimire. Ndikanatsegula pakamwa ndikanachimwa thupi lonse.

Lachinayi, 20 Juni, ku Chifunga

Ndinalongedza m'mawa. Diresi ya ukwati ndasiyira azakhali, aone chochita nayo. Anandigwira mkono, akuti kamodzi kokha mwanawe, phazi n'chiyani? Ndinati mawa lidzakhala khutu, azakhali, ndipo wolozayo ndizigona naye nyumba imodzi.

Fackson wanditumizira vidiyo pa foni. Ndaonera mobwereza, pamene pali ine pokha. Laimoni akuimbaimba foni, sindikuyankha. Ndimamukondabe, chitsiru ine, ndipo n'zimene zikupweteka.

Kuno kukutentha, amayi sanafunse zambiri. Ndawapatsa madzi akumwa ndi dzanja lamanja, amwa onse.

Potuluka pakhomo pa azakhali ndinayang'ana pansi. Phazi loyamba kuponda panja linali lamanzere. Mwa ine yense, lokhalo ndi limene linakana kulowa.