Ndapitirira maliro

Loweruka madzulo, Okutobala. Kwatentha, ndipo manyazi andigwira mpaka chakudya chandikanika.

Dzulo ndinasintha ndekha mabuleki a vaneti yanga, poti kugalaja akungoti bwerani sabata yamawa. Kunatsala kuchotsa mpweya m'mapaipi, ntchito ya anthu awiri: wina amapopa buleki, wina amamasula nati kunsi. Amake Joyce anati, "Ndikupopereni." Ine ndinawakalipira kuti motoka si mtondo, ndipo mpweyawo ndinausiya momwemo.

Lero kunali maliro a akatekisiti athu ku Chowa. Ndinanyamula apongozi aakazi kutsogolo, amayi a kwaya kumbuyo, tikutsata lole ya bokosi pang'onopang'ono. Lole itaima pamphambano ndinaponda buleki, phazi linangofika pansi. Ndinakhotera kumbali n'kupitirira maliro, nyimbo n'kudukira pakati. Tinakaima pachulu.

Palibe wavulala. Apongozi, maso ali kutsogolo, anangoti, "Atate a Joyce, kumanda sapikisana ndi mwini wake." Amayi onse anatsika, kumandako anakafika wapansi.

 Tsopano amake Joyce aima pakhomo, akundifunsa mofatsa ngati mawa adzapope. Nditaninso ine, ndivomera basi...