Kachitsulo kopindika ka a Mbewe

Lachinayi, mwezi wa Juni, ku Primrose. Tsiku la lero landilemera, kuzizira kwa ku Joni kuno kukungowonjezera.

Ku fakitale ku Jet Park atibwezera mapulagi khumi. Mapini ake sanakhazikike, ukangokoka waya pang'ono akusololoka. Onsewo ndi a pa tebulo lathu, ine ndi a Mbewe, bambo amene anandipezera ntchitoyi.

Chachititsa ndikuchidziwa. Kachitsulo kawo kolowetsera mapini kanapindika kunsonga sabata yatha, iwo n'kukawongola ndi pulayala. Pini ikakhala m'malo mwake imalira, ndipo umaimva ndi chala chomwe. Chipindikireni, mapini awo sakulira. Ndinaona, koma sindinawauze. Munthu wa msinkhu wa bambo anga ndikamuuze kuti chida chake chatha?

Kapitawo wathu, mayi wachizulu, anafunsa kuti wapanga zimenezi ndani. A Mbewe anangondiyang'ana. Ndinangozindikira ndanena kuti, "Ndine." Andilembera chenjezo loyamba.

Mu takisi pobwerera anandigwira paphewa. "Mwanawe, kachitsulo kangaka ndakhala nako zaka khumi ndi ziwiri, sikanandinamizepo. Iweyo uzichepetsako phuma."

"Ndamva, bambo," ndinatero.

Ndiye kuti akukhulupiriradi kuti wolakwa ndine! Mawa agwiritsanso ntchito kachitsulo komweko. Mapulagi amenewa amakaikidwa m'mabasi onyamula anthu, ndipo machenjezo akakwana atatu ntchito yatha.

Ndawatengera katsopano ku chipinda cha zida, kali m'thumba la ovololo yangayi. Kukatenga sikunavute ayi. Koma mawu oti ndiyambire powapatsa...