Maswiti Ofiira a Alile

Kasina, Dedza
21 Julayi 2024

Okondedwa asisi a Magadalena,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwazizira koopsa, nkhungu ikuchedwa kuchoka kuposa mmene alamu anu a Damiano amachedwera kudzuka.

Katundu munatumiza pa basi uja anafika, diresi la Alile la Ukalistia woyamba ndi mapaketi awiri a chokoleti choyera. Mwana wanuyu anayesa diresi osamwetulira. Ataona chokoleti anati, "Amama anandilonjeza maswiti ofiira. Andiiwala eti?" Asisi, mtima unandiwawa. Ndinangoti kufiirako kuli m'njira, ndisakudziwa n'komwe poyambira.

Paketi yoyamba ndinaisungunula m'mbale yosanjika pa poto wa madzi otentha, n'kudonthezamo utoto wamadzi uja timathira mu keke. Mayo ine! Chinagwirana pomwepo ngati dongo loumbira mbiya. A Damiano anachimaliza ndi supuni, ati kuopa kutaya chakudya.

Ndinathamangira kwa a Rute, ophika makeke a ukwati aja. Anaseka mpaka misozi. "Iwe Agatha, chokoleti ndi madzi ndi mphaka ndi khoswe. Pamafunika utoto waufa, koma ine unandithera." Apa n'kuti lili Lachisanu, mwambo Lamulungu, paketi yatsala imodzi.

Pobwerera ndinaona chidede changa chouma pathandala, chili psuu. Ndinachisinja, kuchisefa pa kansalu, n'kusakaniza ufawo ndi timadontho ta mafuta ophikira. Mbale ndinaipukuta mpaka gwa, zenera n'kutseka kuopa nkhungu. Ndikutakasa, chokoleti chija chinayamba kufiira bwinobwino osagwirana. Ndinalulutira ndekha m'khitchini ngati wamisala! Ndinathira m'timapepala ta makeke n'kuika pa shelefu. Firiji ya chiyani ku Dedza kuno?

Lero misa itatha mukanamuona mwana wanu. Amagawira anzake pabwalo la tchalitchi, mutu uli m'mwamba, akuti, "Awa atumiza amayi anga kuchokera ku Joni!" Kowawasira pang'ono kaja kanawakomera anthu, mpaka a Rute anandikokera pambali kuti ndikawaphunzitse. Ine amene!

Koma ndikupempheni chimodzi. Ndinamuuza Alile kuti ufa wofiirawo ndinaupeza pansi m'chikwama cha katundu munatumiza uja. Mukaimba foni musandiyalutse.

Amayi akupereka moni, mwendo uja ukuchitako bwino. A Damiano akuti mudzatumizenso mapaketi awiri, imodzi yolakwitsa. Alile moni wake sanandipatsire, akuti adzapereka yekha pamaso. Wasunga switi imodzi m'kachitini kosungira machesi pansi pa pilo, akuti ndi yanu, ndipo sakulola munthu kuikhudza. Panopa kuzizira kukutisungira, koma mukudziwa mmene Okutobala amatenthera.

Bwerani isanasungunuke, asisi.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Agatha