Anandiperekeza Mpaka Basi Inandisiya

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kuwawa. Ine ndili bwino.

Paja ndinakudandaulirani za mayi achikulire achizungu a kutchalitchi kwathu, amene amandiitana kwawo ku Midland. Ndikatsanzika, ankangotseka chitseko ndisanafike n'komwe pamsewu. Ndinkaona ngati ndawatopetsa, ndiye ndinasiya kupitako. Atandifunsa chifukwa, ndinawauza kuti kwathu mlendo timamuperekeza.

Lamlungu ndinapitanso. Nditatsanzika, anatenga ndodo yawo n'kunena kuti, "Tiye mwanangu, ndikuperekeze." Tinayenda pang'onopang'ono moti basi inandisiya. Tinadikira ina limodzi. Chichokereni kumudzi, palibe anandiperekezapo.

Chonde munditumizire chitenje chabwino ndiwapatse, ndipo muziwatchula m'mapemphero. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike