Kuseri kwa Mlambe

Lachiwiri, Okutobala. Kunatentha tsiku lonse, koma tsopano mtima wakhala pansi.

Lero tayika m'manda bambo Phiri, atelala amene ankasoka mayunifolomu a ana athu pano pa Chipoka. Analowa mpingo wa Amomoni ali ku Lilongwe, ndipo kuno ankapemphera awiriwiri ndi akazi awo, a Nabanda.

Nkhani inavuta pa mtanda. Kalipentala anali atakhoma kale, koma a Nabanda anati, "Pepani, kwathu sitizika mtanda." Mkulu wina wa mpingo wathu anadzuka. "Nanga agona pati? Mbali ya Akhristu ndi ya mitanda, Asilamu nawo ali ndi yawo." Adzukulu anangotsamira makasu. Amayi a kwaya anatseka mabuku.

Mapeto ake anakakumba kuseri kwa mlambe, komwe kuli mitumbira yakale ya anthu amene anadzagwira ntchito ya njanji n'kufera kuno opanda m'bale. Kumeneko amati kwa obwera. Chonsecho bambo Phiri mchombo wawo unagwera m'mudzi mommuno!

Ndinapsa mtima, koma mphunzitsi wochokera ku Mulanje ndikananena chiyani? Ndinangoyambitsa nyimbo. Amayi ena a kwaya anandilandira, maso ali pansi.

Pobwerera a Nabanda anandigwira dzanja. "Musadandaule aphunzitsi, kumene kuja kuli mthunzi wabwino."

Ine mtanda ndili nawo, koma nanenso ndine wobwera. Tsiku langa likadzakwana kuno, kaya adzayang'ana mtandawo, kaya...