Tebulo la Asma ndi Lachinayi Langa

Lolemba, 6 Meyi

Tamuika dzulo Jafari, neba wathu. Asilamu sagoneka maliro. Mkazi wake Asma walowa eda, mwambo wawo wa namfedwa: miyezi inayi ndi kanthu osatuluka pakhomo. Tebulo lake la tomato pamsika wa Waverley langokhala. A komiti akuti malo akasowa munthu apatsa wina. Nanga ana atatu aja adya chiyani?

Lachinayi, 9 Meyi

Patebulopo ndikukhala ine. Zaka zonse zija pamakina a nsalu ku Chegutu sizinandiphunzitse kuunjika tomato, akungogubuduka. Lero tsiku la chita chathu, gulu la amayi a Anna Woyera. Sindinapite. Belu lalira ndikukangana ndi kasitomala wofuna banyira.

Lamulungu, 19 Meyi

Bambo Luciano pa ulaliki: "Guwa silithera m'tchalitchi muno, limafika pamene munthu akudyera thukuta lake." Tonse kugwedeza mitu. Titangotuluka, Mai Shylet, mkulu wa chita, andikokera pambali. "Mai Makanaka, chita chili ndi mutemo, lamulo lake. Wojomba Lachinayi savekedwa yunifomu chaka chino. Komanso mayiyo si wathu."

Si wathu. Bambo anga ndi bambo a Asma anabwera limodzi kuchokera ku Machinga, mgodi umodzi ku Eiffel Flats, chifuwa chimodzi. Ndinapsa mtima koma ndinangoti zikomo.

Lachinayi, 6 Juni

Kuzizira. Tomato wakwera, ogula achepa. Mwana wanga Makanaka sangandilandire, ali pantchito ku Chegutu. Ndikamuuza m'Chichewa amayankha m'Chishona, akuti ndimadzivutitsa ndekha. Mwina. Korona ndimapempherera pansi pa tebulo, Tikuoneni Mariya awiri, kasitomala, kenako ndaiwala pomwe ndinalekezera. Ndikhulupirira kumwamba amawerenga okha. Madzulo Asma wandipatsira tiyi pazenera. Watha thupi.

Loweruka, 27 Julayi

Lero kuvekana yunifomu ku Chegutu. Kombi, minibasi ya amayi a chita, yadutsa pamsika akuimba, Sabina amene tinayambira limodzi wandibayibitsa. Yanga ili m'sutikesi, yosokedwa, yositidwa. Zaka zitatu ndikuiyembekezera. Zandiwawa, sindinama. Ndinalirira kuseri kwa mulu wa kabichi, mnzanga wa pambali n'kumayesa ndi chimfine. Malo a Asma akadali ake.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Masana Mai Shylet atulukira, ali m'yunifomu, akuchokera ku chita. Ndinati basi, ulaliki wina. Asankha tomato nthawi yaitali osagula. Kenako akhala pa kreti, afunsa kuti eda itha liti. Ndati Seputembala. Apo iwo ati: "Za chaka chino zapita, mutemo sindingausinthe. Koma sabata yamawa mupite ku chita. Pano ndikhala ine."

Ndawaonetsa kaunjikidwe. Wawonso akugubuduka.